Kuyabwa kwa ku Thyolo ndi Asilikali a M'magazi Ovulaza Mwini Thupi

Akuluakulu a kwa Chimaliro ndi a m'midzi yozungulira minda ya tiyi m'boma la Thyolo akukumbukira bwino nthaŵi imene kukanda kunali ngati ntchito ya tsiku ndi tsiku. Munthu ankakhala pakhonde dzanja lili pa msongolo, akukanda osalekeza, mpaka khungu kutuŵa ngati wagona paphulusa. Zikhadabo zikalephera ankatenga chitsononkho, phale kapena mwala. Ena ankati ndi mphere, ena ankati magazi aipa, ndipo ena ankaloza mnansi amene adakangana naye za malire a munda. Masiku ano anthu okanda chotere achepa kwambiri, koma misongolo ya maŵangamaŵanga ya agogo athu ikadali umboni wa zimene zidachitika.

Chaka china, tikuyendera midzi pa nyengo yogaŵa mankhwala a matenda ameneŵa, ndidakumana ndi bambo ena achikulire amene adakanitsitsa kulandira mapiritsi. Ndidawafunsa kuti, "Kodi agogo, chavuta n'chiyani?" Iwo adayankha kuti, "Mwana wanga, mankhwala akowo ndidamwapo kale. M'maŵa mwake ndidadzuka nkhope itatupa, thupi lonse likuyabwa kuposa poyamba. Nanga ndi mankhwala anji oonjezera matenda amene akuti akuchiza?" Agogowo sadaname ayi. Zimene adanenazo zimachitikadi, ndipo funso lotere silingayankhidwe ndi kukalipa. Yankho lake lili m'magazi, ndipo ndilo tikambirane m'kope la mwezi uno.

Gulu laling'ono la asilikali

Magazi, amene timawaona ngati madzi ofiira chabe, ali ndi tinthu tamoyo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Maselo ofiira ndiwo ochuluka, ndipo ntchito yawo ndi kunyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita ku ziŵalo zonse. Maselo oyera ndi ocheperapo, ndipo ndiwo timawatchula kuti asilikali a m'thupi. Koma monga pa esiteti pali othyola tiyi, odulira, alonda ndi akapitawo, aliyense ndi ntchito yake, asilikali aŵanso ali m'magulumagulu. Gulu limene tifuna kulidziŵa lero ndi la asilikali otchedwa eosinophil.

Dzinali n'lachilendo m'kamwa, koma lili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1879 katswiri wina wa ku Germany, Paul Ehrlich, adathira utoto wotchedwa eosin pa magazi, nayang'ana pa makina okuza zinthu zazing'ono. Adaona kuti maselo ena oyera ali ndi timatumba tambiri m'kati mwawo, timene tidamwa utotowo ndi kufiira ngati thambo la m'bandakucha. Choncho adawapatsa dzina lotanthauza kuti okonda eosin. Timatumba timeneti tikumbukireni, pakuti nkhani yonseyi yagona pa zimene zili m'kati mwake.

Asilikali aŵa amabadwira m'mafuta a m'kati mwa mafupa. M'magazi sakhalitsamo, pasanathe tsiku limodzi ambiri amatuluka m'mitsempha nakakhala m'zipupa za matumbo ndi m'malo ena, m'mene amadikira kwa masiku angapo. Mwa munthu wabwinobwino, pa asilikali oyera 100 aliwonse, ma eosinophil kaŵirikaŵiri sapitirira 5. Tikatenga kadontho ka magazi kochepa ngati kamutu ka phini, timayembekeza kupezamo osaposa 500. Akapitirira pamenepo, dokotala amadziŵa kuti pali chimene chawaitana.

Chimene chimawaitana kaŵirikaŵiri kuno kwathu ndi nyongolotsi: njoka za m'mimba, likodzo, ndi zina zokhala m'khungu. Asilikali a magulu ena amathana ndi tizilombo ting'onoting'ono pongotimeza. Koma nyongolotsi, ngakhale ichepe chotani, ndi yaikulu kutalitali kuposa msilikali; ili ngati nsato pamaso pa nyerere. Motero ma eosinophil amamenya nkhondo m'njira ina. Amasonkhana ambirimbiri nakakamira pa thupi la nyongolotsiyo, kenaka amatsegula timatumba tija ndi kukhuthulira ululu wake pa mdaniyo. Ululu umenewu umaboola chikopa cha nyongolotsi mpaka kuipha.

Vuto lili pomwepa. Amene adaonapo anthu akuthira katupe pa dziŵe akudziŵa kuti katupe sasankha: amapha nsomba zazikulu zimene msodzi akufuna, naphanso timatemba ndi tiana tomwe taswedwa dzulo. Ululu wa ma eosinophil ndi wotero. Suzindikira kuti apa ndi pa nyongolotsi, apa ndi pa mnofu wa mwini thupi. Nkhondoyo ikakhala ya tsiku limodzi, bala lake limapola munthu osadziŵa n'komwe. Koma ikapitirira zaka 10 kapena 20, pamalo pomenyerapo pamasanduka bwinja.

Nyongolotsi ya kumtsinje wothamanga

Matenda oyabwa a ku Thyolo aja madokotala amawatchula kuti onchocerciasis, ndipo ife a zaumoyo timangofupikitsa kuti onko. Adalembedwa koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1939 ndi dokotala wina dzina lake Gopsill, pa nthaŵi imene Azungu ankalemba dzina la boma lino kuti Cholo. Kafukufuku wamkulu adachitika patapita zaka zambiri, motsogozedwa ndi Dr. Gilbert Burnham wa pa chipatala cha Malamulo ku Makwasa, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 1991. Anthu oposa 23,000 adadulidwa kachikopa kakang'ono kuti kapimidwe, ndipo chiŵerengero chidaonetsa kuti anthu zikwizikwi a m'mapiri a Thyolo anali ndi nyongolotsiyi. M'midzi ya pakati penipeni pa dera la matendaŵa, akuluakulu ambiri anali nayo.

Kofalitsa matendaŵa ndi kantchentche kakuda, kakang'ono, kokhala ngati kali ndi linunda. Kamaluma masana, makamaka m'miyendo, nikasiya kadontho ka magazi pamene kalumapo. Kamaswana m'madzi othamanga, pa miyala ndi pa udzu woŵeramira m'madzi, ndipo mapiri athu ali ndi timitsinje totere tosaŵerengeka. Akatswiri adafika potchula mtundu wina wa kantchentcheka dzina la boma lathu lino, Simulium thyolense, ulemu umene sitidaupemphe. Wothyola tiyi amene amaima m'munda kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kupendeka, mayi wochapa kumtsinje, ndi mlimi wa kudimba, ndiwo amalumidwa kwambiri.

Kakaluma munthu wodwala, kamayamwa magazi pamodzi ndi tiana ta nyongolotsi. Tianato timakula m'kati mwa kantchentche kwa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo kakaluma munthu wina timamloŵa. Patapita chaka kapena kuposerapo, timasanduka nyongolotsi zazikulu. Yaikazi imatha kutalika masentimita 50, yoonda ngati ulusi, yodzipindapinda m'kachotupa kolimba koma kosaŵaŵa pansi pa khungu, kaŵirikaŵiri m'chiuno, m'nthiti kapena m'maondo. Imakhala ndi moyo zaka 10 mpaka 15, ndipo tsiku lililonse imabala tiana pafupifupi 1,000. Tiana timeneti timamwazikana m'khungu lonse, tina kufika m'maso, ndipo kamodzi kamakhala chaka chimodzi kapena ziŵiri kasanafe.

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu amayabwa chifukwa tinyongolotsi tikumluma kapena tikumyenda pansi pa khungu. Si choncho kwenikweni. Tikadali tamoyo ndi tamphamvu, tili ndi njira zogonetsera asilikali a m'thupi, kotero kuti timadutsa pakati pawo ngati mbala pakati pa alonda osinza. Mavuto amayamba tikamafa. Mwa munthu amene ali nato tambiri, tsiku lililonse timafa zikwizikwi, ndipo kakufa kalikonse kamazingidwa ndi asilikali. Akatswiri atapima khungu la odwala, adapeza ululu wa m'timatumba tija utamatirira pa tinyongolotsi tofa ndiponso pa mnofu wozungulira. Ululuwo umadzutsa maselo ena a m'khungu amene amatulutsa timadzi toyabwitsa. Timitsempha ta magazi timafutukuka ndi kuchucha. Pamenepo pamatuluka tiziphuphu, ndipo munthu amayamba kukanda. Kukandako kumatsegula zilonda, zilondazo zimaloŵa tizilombo tina, nkhondo n'kukula.

Zimenezi zikachitika chaka ndi chaka, ulusi wotamuka umene umabweza khungu m'malo mwake likakokedwa umaduka. Ndicho chifukwa chake kale tinkaona mnyamata wa zaka 30 ali ndi khungu lamakwinya ngati la nkhalamba. Mwa ena limakhuthala ndi kukhakhala ngati la buluzi. Mwa ena misongolo imataya mtundu wake ndi kuchita maŵanga oyera ngati a nyalugwe, ndipo anthu otere akhala akusalidwa powaganizira khate. Kusiyana kwake n'koti banga la khate limachita dzanzi, mwini wake osamva akakhudzidwa, pamene la onko limamva monga khungu lina lonse.

Umboni wodabwitsa wakuti owononga ndi asilikali umachokera ku Yemen ndi ku Sudan, kumene kuli mtundu wa matenda omweŵa wotchedwa sowda. Wodwala sowda mwendo wake umodzi umada, umatupa, ndipo umayabwa moopsa. Akampima magazi amapeza ma eosinophil ochuluka zedi, koma akadula kachikopa amavutika kupeza tinyongolotsi, chifukwa asilikaliwo atipha pafupifupi tonse. Mnzake amene asilikali ake ndi ofatsa amapezeka ndi tinyongolotsi tambirimbiri, koma khungu lake looneka bwino. Wopambana nkhondo ndi amene wavulala koposa. Walira mvula walira matope.

Komabe tisawasenzetse ma eosinophil mlandu wonse. M'kati mwa nyongolotsiyi mumakhala kachilombo kena kakang'ono kotchedwa Wolbachia, kamene kamatayika nyongolotsi ikafa, ndipo kamaitana asilikali a gulu lina. Ameneŵa amathandiza kwambiri kuwononga diso, limene limayamba kuchita chifunga pang'onopang'ono. Kumadzulo kwa Africa kunali midzi ya m'mphepete mwa mitsinje imene akuluakulu ambiri adachita khungu, ana n'kumawatsogolera ndi ndodo. Chicheŵa chathu chimalemba mofanana khungu la pathupi ndi khungu la m'maso, ndipo matendaŵa amagwira zonse ziŵiri. Koma kuno ku Thyolo lovutika kwambiri lakhala khungu la pathupi.

Yankho kwa agogo aja

Tsopano tingathe kumvetsa zimene zidawachitikira agogo aja. Ngati tinyongolotsi tofa pang'onopang'ono timabweretsa kuyabwa, nanga tikafa tambiri tsiku limodzi chifukwa cha mankhwala?

Funsoli lidayankhidwa mu 1948 ndi dokotala wa ku Mexico, Luis Mazzotti. Iye adaona kuti odwala onko akamwa mankhwala otchedwa DEC, amene ankagulitsidwanso m'dzina la Banocide, pasanapite maola ambiri ankayamba kuyabwa koopsa, kutupa, kutentha thupi ndi chizungulire. Akatswiri a pambuyo pake adapeza chinthu chochititsa chidwi: tsiku loyamba ma eosinophil ankachepa m'magazi, osati chifukwa chakuti afa, koma chifukwa onse athamangira ku khungu kumene kwagwa mitembo. Patapita masiku ankabwereranso m'magazi atachuluka kuposa kale. Choipitsitsa chinali chakuti nkhondo yomweyo inkachitikanso m'maso, ndipo ena maso awo ankawonongeka chifukwa cha mankhwala amene amati awachiritse. N'chifukwa chake DEC adaleka kugwiritsidwa ntchito pochiza onko.

Mankhwala amene adaloŵa m'malo mwake ndi ivermectin, amene ambiri timawadziŵa kuti Mectizan. Chiyambi chake ndi kachilombo kamene Satoshi Ōmura adakapeza m'dothi la ku Japan, ndipo William Campbell ndi anzake ku America adapanga mankhwala kuchokera pamenepo. Aŵiriŵa adalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Mu 1987 kampani ya Merck idalonjeza kupereka mankhwalaŵa kwaulere kwa onse owafuna kwa nthaŵi yonse imene adzafunike. Ku Thyolo adayamba kugaŵidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira 1997 Unduna wa Zaumoyo udakhazikitsa njira yoti mudzi uliwonse uzisankha wokha anthu ogaŵa. Ntchitoyi idayambira ku Thyolo ndi ku Mwanza, kenaka idafika ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Blantyre, Chikwawa ndi Neno.

Mectizan amagwira ntchito mofatsa kuposa DEC. Amafooketsa tiana ta nyongolotsi mpaka kufa, amaletsa yaikazi kutulutsa tina kwa miyezi ingapo, ndipo sawononga maso monga ankachitira mankhwala akale aja. Komabe tinyongolotsi timafa ndithu, ndipo asilikali amabwera ndithu. Choncho munthu amene ali nato tambiri, akamwa koyamba, angathe kuyabwa kwambiri, kutupa nkhope kapena miyendo, kuchita mwanabere, kuphwanya m'thupi, kapena kumva chizungulire akaimirira. Zimenezi zimayamba tsiku loyamba kapena lachiŵiri ndipo zimatha patapita masiku ochepa. Si chizindikiro chakuti mankhwala ndi oipa. Ndi chizindikiro chakuti munthuyo analidi ndi nyongolotsi, ndiponso kuti mankhwala aipeza. Kafukufuku wa zaka 3 amene adachitika kuno ku Thyolo, nasindikizidwa mu 1993, adaonetsa kuti madandaulo otere ankachepa chaka chachiŵiri ndi chachitatu, pakuti tofa tinali titachepa. Agogo aja adapirira chaka chovuta koposa, naleka pamene zinthu zikadayamba kufeŵa.

Wovutika chotere apumule, amwe madzi ambiri, ndipo alangizi a zaumoyo angampatse Panado ndi Piriton. Akamva chizungulire agone pansi. Koma akayamba kubanika, kapena akalephera kuimirira, apite naye kuchipatala msanga. Muyeso wa mankhwala umatengera msinkhu, n'chifukwa chake ogaŵa amayenda ndi ndodo yoyezera. Ana osafika masentimita 90, amayi oyembekezera, amayi amene sanathe sabata chiberekere, ndi anthu odwala kwambiri, salandira.

Popeza Mectizan sapha msanga nyongolotsi yaikulu, ayenera kumwedwa mobwereza kwa zaka zambiri, mpaka zazikuluzo zitafa ndi ukalamba. Ndipo ayenera kumwedwa ndi mudzi wonse, chifukwa munthu mmodzi wokana amasanduka nkhokwe imene kantchentche kamakatapako. Kuti ntchito yotere imatheka tidaona mu January 2025, pamene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti dziko la Niger lathetsa onko, loyamba mu Africa muno. Choncho ogaŵa akafika m'mudzi mwanu, musabisale kumunda. Ndidawafotokozera agogo aja zonsezi titakhala pa mphasa. Iwo adati aganize kaye. Koma akazi awo, amene ankamvetsera akusenda chinangwa, adapukuta dzanja nalitambasula.

Pamene mdani palibe

Mpaka pano takamba za asilikali ovulaza mwini thupi pothamangitsa mdani weniweni. Koma nthaŵi zina amadzuka popanda nyongolotsi iliyonse. Fumbi, utsi, nkhungu kapena mungu wa maluŵa zingathe kuwaitanira m'njira za mpweya, ululu wawo n'kumakanda m'kati mwa njirazo mpaka kutupa ndi kupanikizika. Ameneŵa ndi amodzi mwa magwero a chifuŵa cha mphumu.

Pali matenda ena osoŵa kwambiri amene asilikali omweŵa amaukira mitsempha ya magazi. Adafotokozedwa mu 1951 ndi madokotala aŵiri a pa chipatala cha Mount Sinai ku New York, Jacob Churg ndi Lotte Strauss, atapenda odwala 13. Kwa zaka zambiri ankatchedwa ndi maina a aŵiriŵa, koma kuyambira 2012 madokotala amawatchula mwachidule kuti EGPA. M'maiko amene adaŵerenga, amagwira anthu osapitirira 4 pa 1,000,000 aliwonse pa chaka. Sindikulemba zimenezi kuti aliyense wa mphumu achite mantha. Pafupifupi onse a mphumu sadzadwala matendaŵa moyo wawo wonse. Ndikulemba chifukwa wodwala mmodzi ameneyo angathe kuchira akafika msanga, ndipo angathe kufa akachedwa.

Matendaŵa amayenda pang'onopang'ono. Poyamba munthu amene adakula wopanda mphumu amayamba kubanika ali wamkulu kale, pamodzi ndi chimfine chosatha ndi mphuno zotsekeka, ndipo zimenezi zingathe kutenga zaka. Kenaka ma eosinophil amachuluka kwambiri m'magazi naloŵerera m'mapapo ndi m'matumbo. Potsiriza amazinga timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, nathira ululu wawo pa zipupa zake, mothandizidwa ndi asilikali a magulu ena. Chipupacho chimatupa, njira imachepa, magazi amaundana, ndipo mnofu umene unkadyera pa kamtsemphako umafa ndi njala, monga momwe mbewu za kudimba zimaumira ngalande ikatsekeka kumtunda.

Zizindikiro zimatengera malo amene ngalande yatsekeka. Ikatsekeka pa timitsempha todyetsa mitsempha yonyamula uthenga, munthu amamva dzanzi kapena kutentha kuphazi limodzi kapena kudzanja limodzi, kenaka phazilo limalendeŵera: amapunthwa pa malo osalala, patapata imavuka iye osamva, kapena khasu limampulumuka m'manja. Ikatsekeka m'khungu, m'miyendo mumatuluka timadontho tofiira moderako, totukuka pang'ono. Ikatsekeka m'matumbo, m'mimba mumapweteka kwambiri. Choopsa koposa ndi pamene ululu wafika pa mnofu wa mtima. Pamenepo munthu amatupa mapazi, amapuma movutika akagona chagada, ndipo ambiri ofa ndi matendaŵa amafa ndi mtima.

Tikumbukire kuti dzanzi la kumapazi lili ndi magwero ambiri ofala kuposa ameneŵa: matenda a shuga, moŵa, khate, HIV, ndi mankhwala ena a TB. Kaŵirikaŵiri dzanzi lotere limabwera pang'onopang'ono, mapazi onse aŵiri pamodzi. Chofunika kuchenjera nacho ndi dzanzi kapena kufooka kobwera mwadzidzidzi mbali imodzi, mwa munthu wa mphumu yoyamba paukulu, amenenso akuonda ndi kutentha thupi. Wotere asataye nthaŵi ndi kutemera mphini. Apite kuchipatala, ndipo anene zonse pamodzi, za chifuŵa ndi za phazi zomwe, pakuti ambiri amangonena chimodzi poganiza kuti chinacho n'chosakhudzana. Kuŵerenga asilikali a m'magazi kumachitika pa chipatala chachikulu cha boma la Thyolo, ndipo ofunika kupimidwa mozama amatumizidwa ku Gulupu ku Blantyre.

Chofala kuposa EGPA kuno kwathu ndi ziŵengo zobwera ndi mankhwala. Thupi la munthu wina limadana ndi mankhwala amene kwa anzake ndi abwinobwino, monga Bactrim, Fansidar, penisilini, mankhwala ena a khunyu, ndi nevirapine amene anali m'ma ARV akale. Nthaŵi zina timitsempha ta m'khungu timatupa patapita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono chiyambire mankhwala, ndipo timadontho tija timatuluka m'miyendo. Nthaŵi zina, patapita masabata 2 mpaka 8, munthu amatentha thupi, amatupa nkhope, amatuluka zidzolo thupi lonse, ma eosinophil atachuluka m'magazi, ndipo chiŵindi kapena impso zingathe kuvulala. Pali njira yapafupi yoyesera timadontho: kanikizanipo ndi tambula yagalasi m'malo owala bwino. Chiŵengo wamba chimazimirira chikakanikizidwa, koma dontho la magazi otuluka mumtsempha limakhalabe. Pa khungu lakuda kwambiri yang'anani kuphazi, m'manja ndi m'kati mwa milomo. Timadontho tosazimirira, makamaka pamodzi ndi kutentha thupi, zilonda za m'kamwa kapena maso ofiira, ndi nkhani ya tsiku lomwelo. Nyamulani mankhwala onse amene mukumwa, a kuchipatala, a m'golosale ndi azitsamba omwe, ndipo mufike kuchipatala musanamwe m'bulu wina.

Za mapiritsi ogonetsa asilikali

Alipo mankhwala amene amagonetsa ma eosinophil msangamsanga, otchedwa prednisolone. Ndiwo amene madokotala amayamba nawo pochiza EGPA, ndipo asanatulukire mankhwala a mtundu umenewu ambiri odwala matendaŵa ankafa. Kwa odwala kwambiri amaonjezerapo ena amphamvu, ndipo mu 2017 ku America kudavomerezedwa jekeseni wotchedwa mepolizumab, amene amatseka uthenga woitana ma eosinophil kuchokera m'mafupa.

Koma prednisolone yemweyo wafika m'manja mwa ogulitsa m'misika, ndipo ndaonapo anthu akumugula ngati mtedza pofuna kuthetsa kuyabwa, mphumu kapena kuphwanya kwa mafupa. Amathandizadi tsiku lomwelo, ndipo ndiye msampha wake. Mankhwalaŵa sapha nyongolotsi ngakhale imodzi. Amangomanga manja asilikali onse, abwino ndi olusa omwe. TB imene idagona imadzuka, shuga amakwera, magazi amathamanga, mafupa amafooka. Pali nyongolotsi ina ya m'matumbo yotchedwa Strongyloides, yoloŵera kuphazi kwa woyenda wopanda nsapato, imene ingathe kukhala mwa munthu zaka zambiri mwakachetechete; asilikali akagonetsedwa imaswana mosaletseka, nifalikira m'mapapo ndi m'thupi lonse mpaka kupha. Ndiponso amene wamwa prednisolone kwa masabata ambiri sayenera kuleka mwadzidzidzi, koma kutsitsa pang'onopang'ono monga auzira dokotala.

N'chifukwa chake dokotala wa kuno, akapeza ma eosinophil ochuluka m'magazi anu, sathamangira kutchula matenda osoŵa a ku New York. Amayamba wafunsa kumene mumasamba, kumene mumalima, ndi mankhwala amene mwamwa posachedwa. Amapima chimbudzi ndi mkodzo, amafufuza timatupa m'chiuno, ndipo kaŵirikaŵiri amayamba wapereka mankhwala a nyongolotsi asanaganize zogonetsa asilikali. Musatope ndi mafunso ameneŵa, ndipo musachite manyazi kupereka chimbudzi akakupemphani.

Ngati mankhwala ena adakuŵenganipo, pemphani adokotala kapena anamwino kuti alembe dzina lake ndi zilembo zazikulu pa tsamba loyamba la buku lanu la kuchipatala, ndipo muuzenso wina wa m'banja mwanu dzinalo, kuti tsiku limene mudzafike kuchipatala osatha kulankhula adzakunenereni.